Khadi la inshuwalansi likalamula, dzino ndilo lizulidwa

Mlamu wanga ndi mlonda pa kampani ina ya m'tauni ndipo akhala ku Mtendere. M'nyengo yozizira yapitayi dzino la kumbuyo linamusowetsa tulo masiku atatu, tsaya linatupa, panado ya pa kantemba inalephera. Popeza abwana ake analembetsa anchito onse ku kampani ina ya inshuwalansi, imene dzina lake ndisunga, anatenga khadi lake nayenda pansi kupita kwa dokotala wa mano ku Kabulonga. Ine ndinamuperekeza, ndipo zimene ndinamva m'cipinda muja ndizo zandikhalitsa pansi kulemba.

Adokotala atajambula dzino lija anati, "Bambo, dzino ili lingapulumuke. Tifunika kutsuka muzu wake ndi kulimata, mudzabwera kawiri kapena katatu. Koma khadi lanu silivomera nchito imeneyi popanda cilolezo ca ku ofesi yao, ndipo ngakhale avomere, ndalama zimene anakuikirani pa mano caka cino sizikwana. Kuzula kokha ndiko alipira lero lomwe."

"Nanga adokotala, mukadakhala inu mukadatani?" anafunsa mlamu, dzanja lili patsaya.

"Ndikadalisunga."

Mlamu anayang'ana ine, nayang'ana pansi. "Zulani cabe. Mawa ndili pa nchito ya usiku."

Analizula bwino lomwe, mopanda ululu, ndipo sitinalipire ngwee. Tinaturuka tikuyamika. Koma panjira yobwerera ndinadzifunsa kuti kodi anagamula mlandu wa dzino lija ndani? Sanali adokotala, pakuti iwo ananena poyera kuti akadalisunga. Sanalinso mwini dzino. Anagamula ndi munthu amene sanaonepo m'kamwa mwa mlamu wanga, amene anakhala mu ofesi nalemba ndandanda ya zimene khadi lilipira ndi zimene sililipira.

Ambiri a ife tiganiza kuti inshuwalansi ndi thumba cabe: tiponyamo ndalama mwezi ndi mwezi, tikadwala thumba lilipira. Si mmene ziliri masiku ano. Kampani ya inshuwalansi ipangana ndi cipatala, ndipo m'pangano limenelo ndi kampani imene iika mtengo wa nchito iriyonse. Kuzula ndi mwakuti, kumata ndi mwakuti, kujambula ndi mwakuti. Dokotala akavomera, dzina lake lilowa m'ndandanda ndipo eni makhadi ayamba kubwera kwa iye. Akakana, odwala onsewo apita kwa mnzake wa pa msewu wina. Pa nchito zikuluzikulu ayenera kuyamba wapempha cilolezo, ndipo akatsiriza kuciza salandira ndalama m'manja. Alemba fomu, aitumiza, ndi kudikira.

Macitidwe awa Azungu amawacha managed care, ndipo anakula ku America, makamaka Pulezidenti Richard Nixon atasaina lamulo la mu 1973 lolimbikitsa mabungwe otere. Kumeneko kuli ngakhale mapangano akuti dokotala wa mano alandira kandalama kofanana mwezi uliwonse pa munthu aliyense wolembedwa kwa iye, kaya munthuyo wabwera kaya sanabwere. Taganizani bwino pamenepa. Wodwala akabwera ndi mano asanu obooka, dokotala aluza. Akakhala kunyumba, dokotala apindula. Amene anayambitsa zimenezi anati dokotala adzalimbikira kuteteza matenda kuti anthu asadwale. Nthawi zina zimatero. Nthawi zinanso zimangophunzitsa dokotala kusakondwa akaona wodwala pakhomo.

Kuno kwathu nkhani ya kulipira ku cipatala tinayenda nayo mtunda. Akuluakulu akumbukira masiku a Kaunda pamene unali kulowa m'cipatala ca boma osalipira, ndi mmene anthu a ku migodi anali kucizidwira m'zipatala za ZCCM. Boma la MMD litalowa mu 1991 linabweretsa malipiro m'zipatala, ndipo amai a mu Lusaka sanaiwale tumakhadi twa sikimu tumene tinali kulipiridwa pa kiliniki mwezi ndi mwezi. Malipirowo anacotsedwa m'midzi mu 2006, ndipo mu 2012 anacotsedwa m'makiliniki a dziko lonse. Kenaka mu 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, limene linabala bungwe la NHIMA. Kudula ndalama pa malipiro kunayamba cakumapeto kwa 2019: wanchito 1 peresenti, wolemba nchito 1 peresenti. Okalamba opitirira zaka 65, olemala osatha kugwira nchito ndi osaukitsitsa lamulo linawamasula ku copereka cimeneci. Pambali pake pali makampani a inshuwalansi apadera amene mabanki, migodi, mabungwe ndi makampani ena alembetsako anchito ao.

Ndisabise, khadi ndi cinthu cabwino. Zaka zapitazo mlonda wa ku Mtendere anali kungoona zipata za makiliniki a kumayadi akamapita ku nchito, kulowamo ai. Lero alowa nakhala pa mpando womwewo umene akhalapo abwana. Amene anena kuti inshuwalansi ithe sanagonepo ndi dzino lowawa m'thumba mulibe kanthu. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndiwo tiyenera kuwayang'ana.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Munthu wolandira K3,000 pamwezi adulidwa K30, abwana ake aonjezapo K30, pamodzi K60. Pa caka ndi K720. Ndalama imeneyi iyenera kusenza malungo a ana, mimba ya amai, shuga, kuthamanga kwa magazi, opareshoni, mankhwala, maso, ndi mano omwe. Thumba lotere likayamba kupepuka, osunga thumba ayang'ana pocepetsa, ndipo mano ndiwo amayamba kukankhidwira kumbuyo, cifukwa anthu amati dzino silipha munthu. Makampani apadera nawonso acita cimodzimodzi: aika malire a ndalama za mano pa caka, ndipo malirewo nthawi zambiri atha ndi nchito imodzi yaikulu.

Tsono talowani m'nsapato za dokotala amene watsegula kiliniki yake ku Kabulonga, ku Woodlands kapena ku Chelstone. Iye asiyana ndi dokotala wa matenda ena amene angayambe nchito ndi tebulo, mpando ndi comvera m'cifuwa. Wa mano sayamba alibe mpando wake uja wokwera ndi kutsika, makina opopa mpweya oyendetsa coboolera, makina ophikira zitsulo kuti zisapatsire matenda, ndi makina ojambulira. Zonsezi zicokera kunja. Mankhwala ocititsa dzanzi, nyeleti zake, zomatira, tumisomali totsukira mizu ya mano, pafupifupi zonse zigulidwa ndi dola. Mu 2018, pamene lamulo la inshuwalansi linali kulembedwa, dola imodzi inali pafupi ndi K10. Mu 2024 inapitirira K25. Ndiye kuti botolo lomwelo la zomatira linakwera kuposa kawiri, pamene mtengo wolembedwa m'pangano susintha mwezi ndi mwezi monga acitira mafuta a galimoto. Wogulitsa tomato pa msika wa Soweto akaona kuti wagula modula akweza mulu tsiku lomwelo. Dokotala womangidwa ndi pangano sangatero.

Caka comweco ca 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola oposa 17 patsiku. Inu ndi ine tinagula makandulo ndi malasha. Dokotala wa mano alibe makandulo amene angayendetse coboolera. Anayatsa jenereta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo dizilo wake sanalembedwe pa fomu iriyonse. Onjezanipo lendi ya kumayadi, malipiro a namwino ndi a kalaliki amene nchito yake tsiku lonse ndi kulemba mafomu ndi kuimba foni kupempha zilolezo, msonkho, ndi laisensi ya ku Health Professions Council of Zambia.

Koma coipitsitsa pa zonse, m'maganizo anga, si kucepa kwa mtengo. Ndi kucedwa. Mtengo wocepa munthu angaudziwiretu nasankha kuulandira kapena kuukana. Ndalama yocedwa ndiyo ipha bizinesi mwakacetecete, pakuti dokotala wagula kale zomatira, walipira kale anchito, waciza kale wodwala, ndipo iye wasanduka wokongoza kampani popanda ciongoladzanja. Fomu ina ibwezedwa cifukwa nambala yalakwika, ina cifukwa cithunzi sicinatumizidwe, ina ingokhala. M'zaka za 2023 ndi 2024 manyuzipepala athu analemba kangapo madandaulo a eni zipatala zapadera ndi masitolo a mankhwala pa za kucedwa kwa malipiro a NHIMA. Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Dokotala amene mabuku ake aonetsa cuma koma ku banki kulibe kanthu, aphunzira msanga mwambi umenewu.

Nanga acita ciani? Ena angokana khadi, napacika cipepala pakhomo cakuti ndalama m'manja basi. Ena alandira khadi koma auza wodwala kuti aonjezepo, ndipo wodwala amene adulidwa kale mwezi uliwonse aturuka wokwiya, akuti dokotala ndi wakuba. Ena afulumiza nchito kuti aone anthu ambiri patsiku. Apa ndi pamene dzino limafera. Kuzula dzino losavuta ndi nchito ya mphindi zocepa ndipo zipangizo zake ndi zitsulo zimene zitsukidwa ndi kugwiranso nchito. Kutsuka muzu ndi nchito ya maola, ya masiku awiri kapena atatu, yodya zipangizo zodula, ndipo iyamba ndi kupempha cilolezo cimene cingabwere wodwala atatopa kale. Ngati pangano lilipira yoyambayo msanga ndi kuvutitsa yaciwiriyo, musadabwe kuona acinyamata a zaka 25 ali ndi mipata m'kamwa. Palibe amene analamula kuti mano azizulidwa. Ndandanda ya mitengo ndiyo inapendeketsa njira, ndipo madzi atsata kotsetsereka.

Pali enanso, ndipo sindiwaikira kumbuyo, amene alowa m'cinyengo. Amata dzino limodzi nalemba atatu. Alemba nchito imene sanacite. Alandira khadi la munthu wina podziwa kuti amene wakhala pa mpando si mwini wake. Ifenso odwala tili ndi mlandu pamenepa, cifukwa kubwereketsa khadi kwa msuweni timakuyesa cifundo. Zilolezo ndi mafomu amene tidandaula nawo sanagwe kumwamba. Makampani anawaika cifukwa anaberedwa. Cisoni cake n'cakuti msampha wochera wakuba ukola ndi wolungama yemwe, ndipo wakuba, pokhala wocenjera, ndiye amayamba kuudumpha.

Amene aganiza kuti ndikulitsa nkhani ayang'ane ku England, dziko lolemera limene zipatala zake za boma zichuka. Mu 2006 anasintha kalipiridwe ka madokotala a mano ogwira nchito ndi NHS. Anaika nchito m'magulu, kotero kuti dokotala womata dzino limodzi ndi womata mano asanu a munthu mmodzi analandira mofanana. Cotsatira cake, wodwala wa mano ambiri oonongeka anasanduka mtolo umene aliyense anafuna kuupewa, ndipo madokotala ambiri anayamba kucepetsa nchito ya boma ndi kutsata olipira okha. Mu 2022 a BBC atafufuza anapeza kuti makiliniki 9 mwa 10 alionse sanali kulandira akulu atsopano pa NHS, ndipo ena mwa odwala anasimba kuti anadzizula okha mano kunyumba. Mu February 2024 anthu mazanamazana anaima pa mzere mu mzinda wa Bristol kufuna kulembetsa pa kiliniki imodzi yatsopano, mpaka apolisi anabwera. Anthu amenewa anali ndi ufulu wa kucizidwa wolembedwa bwino pa pepala. Cimene analibe ndi dokotala wovomera kuwaciza pa mtengo umene unaikidwa.

Mwina wina wa ku Kanyama kapena ku Chawama afunsa kuti, nanga ife zitikhudza bwanji za madokotala a kumayadi, anthu oyenda pa galimoto? Zitikhudza kwambiri. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ocepa. Kwa zaka zambiri Zambia inali kuphunzitsa othandiza a mano okha pa Dental Training School mu Lusaka, ndipo ofuna udokotala weniweni wa mano anali kupita kunja, mpaka pamene sukulu ya udokotala ya Copperbelt University inatsegulidwa ku Ndola mu 2011. Ocepawo akakana khadi, onse amene anali kupita kwa iwo abwerera ku mzere wa ku Chilenje, ku Matero, ku Levy Mwanawasa ndi ku UTH, kumene inu mwafika kale mbandakuca. Mzere utalika, zomatira za boma zitha msanga, ndipo wogwira nchito amene ayang'ana anthu makumi pa benci sangakhale maola awiri pa dzino limodzi. Azula.

Ndiponso ganizani za mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza kumene maphunziro ku Ndola. Kuti atsegule kiliniki ku Kabwata, ku Kalingalinga kapena ku Chipata kwenikweni, kumene anthu ambiri sangalipire m'manja, ciyembekezo cake conse cili pa khadi. Khadi likamalipira pa nthawi yake, iye angakongole mpando ndi makina nabwera pafupi ndi ife. Likamacedwa, adzapita kumene kuli olemera, kapena adzaoloka malire kukafuna nchito ku Botswana ndi ku Namibia. Ndiye kuti khadi lomwe linapangidwa kuti lifikitse dokotala kwa wosauka lingathe kumuthamangitsira kutali.

Ndipo tisanamizane kuti dzino ndi kanthu kocepa. Munthu wamkulu ali ndi mano 32 ndipo lililonse likacoka silimeranso. Oyandikana nalo ayamba kupendekera mumpata, la pamwamba litsika posowa mnzake, zakudya zikodwa, ndipo kubooka kuyambanso pena. Makolo ambiri sadziwa kuti dzino lalikulu la kumbuyo limene limera mwana ali ndi zaka 6 si la ukhanda. Ndi lacikhalire, ndipo ndilo limayamba kudyedwa ndi maswiti ndi zakumwa za shuga za pa kantemba. Mafinya a dzino la m'munsi angathe kutsikira pansi pa lilime ndi m'khosi mpaka kutseka mpweya. Tsaya likatupa kufika ku diso kapena pakhosi, thupi likatentha, kumeza kukavuta, musadikire cilolezo ca wina aliyense, thamangani ku cipatala usiku womwewo. Za kuthira madzi a m'batire kapena mafuta a mabuleki pa dzino, zimene ena acita m'makomboni, zitentha nkhama cabe ndipo matenda atsala pomwepo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo ambiri a matendawa ndi opeweka.

Cimene ndipempha kwa osunga matumba, a boma ndi apadera omwe, si cacikulu. Lipirani pa tsiku limene munalonjeza, ndipo mukacedwa lipirani ndi ciongoladzanja monga mucitira ife tikacedwa. Mitengo muziikonza pamodzi ndi a Zambia Dental Association, ndi kuibwereza kwaca ikagwa, osati kudikira mpaka madokotala atathawa. Koposa zonse, ikani mitengo mwakuti kusunga dzino kusakhale kuluza kwa dokotala. Kupima mano a mwana kawiri pa caka, kuwatsuka, ndi kumata kabowo kakadali kakang'ono ndi zochipa poyerekeza ndi kugoneka munthu m'cipatala sabata yathunthu cifukwa ca mafinya a m'khosi, ndipo ngongole ya kugonekako idzabwera ku thumba lomwelo. Woweruza zilolezo akhale munthu amene anaphunzira za mano, ndipo ayankhe tsiku lomwelo wodwala akali pa mpando. Ngati ndalama za foni zifika ku Lundazi m'kamphindi, yankho la inde kapena iai lisatenge sabata kucoka ku Cairo Road kufika ku Kabulonga.

Kwa madokotala ndingoti citani monga anacitira amene tinapeza ife: nenani zoona. Uzani wodwala njira zonse, imene khadi lilipira ndi imene sililipira, asankhe akudziwa. Ndalama yoonjezera, ngati pangano liilola, ichulidwe nchito isanayambe ndipo iperekedwe ndi lisiti.

Inunso awerengi, khadi lanu lidziweni monga mudziwira mita ya malaiti. Funsani ku ofesi ya anchito kapena kwa eni khadi kuti za mano zilipiridwa ziti, ndi ndalama zingati pa caka, pakuti ndandanda zimenezi zimasintha. Musasaine fomu yopanda kanthu; werengani kuti alemba mano angati, cifukwa ndalama zobedwa m'dzina lanu zicoka pa malire anu omwe. Pitani dzino likangoyamba kunyerenyetsa ndi madzi ozizira, nthawi imene kumata kokha kukwanira ndipo khadi silivuta. Dokotala akakucitani zosayenera, dandaulo lipita ku Health Professions Council of Zambia. Kampani ya inshuwalansi yapadera ikakana kulipira zimene inalonjeza, kuli a Pensions and Insurance Authority. Ndipo pa misonkhano ya mabungwe a anchito, pamene mukambirana za malipiro, funsaniponso za mano. Abwana akamasankha kampani ya inshuwalansi ayang'ana yochipa, ndipo gawo la mano ndilo amalidula poyamba ngati palibe wolankhula.

Mlamu wanga anacira ndipo nchito ya usiku uja sanajombe. Tsopano cimanga cooca atafunira mbali imodzi. Sabata yatha anabwerera kwa adokotala aja kukafunsa za dzino loikirira kuti atseke mpata. Kalaliki anatenga khadi, anayang'ana pa kompyuta, namuuza kuti mano oikirira mulibe m'ndandanda yake.